Nkhondo Simanga Mudzi, Nanga Makolo Adamangiranji Linga?

Pa miyambi imene akuluakulu amanena pabwalo la milandu, wakuti "nkhondo simanga mudzi" ndi umodzi mwa imene sapezeka woitsutsa. Umanenedwa pamene abale alimbirana malire a munda, pamene kaduka kautsa mapiri pachigwa m'banja, kapena pamene anyamata a midzi iwiri aswana mitu pa mpira. Tanthauzo lake n'lodziwika: ndewu imabalalitsa anthu, imasiya mabwinja, ndipo ngakhale wopambana amabwerera kwawo ndi zipsera. Mudzi umamangidwa ndi kumvana, kupepesana ndi kudyera mbale imodzi.

Komabe mbiri ikusonyeza chinthu china chimene sichiyenera kubisidwa. M'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo za mitundu ndi ya ogula akapolo, midzi yambiri ya m'dziko muno idazingidwa ndi malinga, ndipo m'kati mwake mudali mauta, mikondo ndi mfuti za gogodela. Anthu omwewo amene ankaphunzitsa ana awo kuti nkhondo simanga mudzi ankagona mkondo uli kumutu. Kodi pamenepa adali kudzitsutsa? Funso lakuti kodi ilipo nkhondo yoyenera kumenyedwa lidavutanso mbadwo wina wa oimba a ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo nkhani yawo ingathandize kumasulira mwambiwu moyenera.

Nyimbo zotchedwa folk zidali nyimbo za anthu wamba: alimi, ogwira ntchito m'migodi ndi oyendayenda ofuna ganyu. Zinkaimbidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, gitala wopanda magetsi kapena banjo ali m'manja, ndipo mphamvu yake idali m'mawu. Woody Guthrie ndi Pete Seeger ndiwo adali akuluakulu a nyimbo zimenezi. M'chaka cha 1965 achinyamata adasakaniza mawu olemera a folk ndi magitala amagetsi ndi ng'oma za rock. Gulu la The Byrds lidatenga nyimbo ya Bob Dylan nkuiimba mwa njira yatsopanoyi, ndipo Dylan mwini wake adaimba ndi gitala wamagetsi pa chikondwerero cha nyimbo ku Newport mu Julayi chaka chomwecho, ena mwa omvera namukuwiza. Kusakaniza kumeneku ndiko kudatchedwa folk rock. Phindu lake lidali lakuti uthenga umene kale unkamveka m'tinyumba tomwera khofi ndi pa misonkhano ya ophunzira udayamba kumveka pa wailesi m'nyumba iliyonse.

Chaka chomwecho, m'mwezi wa Malichi, magulu oyamba a asilikali a America omenya nkhondo yapamtunda adatsika pa gombe la Da Nang ku Vietnam. Pofika 1968 adali atapitirira 500,000. Boma linkati likuteteza South Vietnam kuti isagwe m'manja mwa chikomyunizimu cha North Vietnam, poopa kuti dziko limodzi likagwa, oyandikana nalo adzatsatira. Pamene nkhondoyo inkatha mu Epulo 1975, America idali itataya asilikali oposa 58,000, ndipo a Vietnam amene adafa, asilikali ndi anthu wamba a mbali zonse ziwiri, adali mamiliyoni. Nyimbo zotsutsa nkhondo zidakula pamodzi ndi chiwerengero cha maliro, ndipo zidanena zinthu zitatu zimene mpaka lero palibe wazigwetsa.

Choyamba n'chakuti opangana nkhondo si amene amakafera ku nkhondoko. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma pa nkhondo zimatembenuka: wamkulu ndiye amadya, mwana napotedwa. Mnyamata wa ku America wa zaka 18 ankatha kulembedwa usilikali mokakamizidwa, pamene m'zigawo zambiri za dzikolo sankaloledwa kuponya voti mpaka atakwanitsa zaka 21. Nyimbo ya "Eve of Destruction", imene Barry McGuire adaimba mu 1965, idaloza chinyengo chimenechi. Mawailesi ena adailetsa, komabe idafika pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zotchuka, ndipo mu 1971 malamulo adasinthidwa kuti wa zaka 18 aziponya voti. Ophunzira a m'makoleji ankaloledwa kuyamba amaliza maphunziro asadalembedwe, motero katundu wolemera adagwera ana a amphawi. Dylan, mu nyimbo yake ya "Masters of War" ya mu 1963, adadzudzula opanga zida amene amalemera ndi imfa za ena. Sadali kunena zam'maluwa, pakuti Pulezidenti Dwight Eisenhower, yemwe adali kazembe wamkulu wa nkhondo, adachenjeza dziko lake potsanzika mu Januwale 1961 za mphamvu yopitirira muyeso ya mgwirizano wa asilikali ndi makampani a zida.

Dandaulo limeneli si lachilendo kwa aliyense amene adaphunzira mbiri ya Malawi. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse, imene anthu adaitcha ya Chiwaya, idafika ku Karonga mu Sepitembala 1914. Mu Novembala chaka chomwecho M'busa John Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti Aafirika osauka akukhetsa mwazi pa nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake, akusiya amasiye, ndipo mtendere ukabwera sadzapatsidwa kanthu. Adati olemera ndi eni maudindo ndiwo azipita kukawomberedwa. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno adasenza katundu wa nkhondoyo monga atengatenga, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda. Zimene Chilembwe adalemba ndi cholembera, oimba a ku America adadzazinena ndi gitala patapita zaka 50.

Chachiwiri n'chakuti nkhondo zambiri zimayamba ndi bodza ndipo zimapitirira chifukwa cha manyazi. Mu Ogasiti 1964 nyumba ya malamulo ya America idapatsa Pulezidenti Lyndon Johnson mphamvu zomenya nkhondo itauzidwa kuti sitima zankhondo za dzikolo zidaputidwa kawiri pa nyanja ya Tonkin. Zikalata za boma zimene zidatulutsidwa mu 2005 zidatsimikiza kuti kuputidwa kwachiwiriko, kwa pa 4 Ogasiti, sikudachitike. Mu 1971 nyuzipepala zidasindikiza zikalata zachinsinsi zotchedwa Pentagon Papers, zosonyeza kuti atsogoleri ankauza anthu zosiyana ndi zimene ankadziwa. Robert McNamara, nduna ya zachitetezo pa nthawiyo, adavomera mu 1995 kuti iye ndi anzake adalakwa kwambiri, koma pepani sapoletsa chilonda. Pete Seeger adapeka nyimbo ya "Waist Deep in the Big Muddy", yosimba za mkulu wa asilikali wouma mutu amene adaumiriza anyamata ake kuwoloka mtsinje wakuya. Aliyense adadziwa amene ankanenedwa. Kanema wa CBS adaidula pa pulogalamu mu 1967, ndipo adailola mu 1968 anthu atadandaula. Walira mvula walira matope, koma mtsogoleri amene walowetsa anthu m'matope savomera msanga kuti abwerere.

Chachitatu n'chakuti nkhondo imaononga ndi woimenya yemwe. Pa 16 Malichi 1968 asilikali a America adapha anthu wamba mazanamazana, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba, pa mudzi wa My Lai. Mmodzi yekha, William Calley, ndiye adapezeka wolakwa pa mlanduwo. Nyimbo ya "Universal Soldier", imene Buffy Sainte-Marie adapeka ndipo Donovan adaitchukitsa mu 1965, idali itanena kale kuti msilikali aliyense ali ndi gawo lake pa mlandu wa nkhondo, ndipo sangabisale kumbuyo kwa lamulo la mkulu wake. Pa My Lai pomwepo padapezeka munthu wotsimikiza mfundoyi: Hugh Thompson, woyendetsa helikopita, adatera pakati pa asilikali anzake ndi anthu othawa napulumutsa ena. Kenaka mfuti zidatembenukira kumudzi. Pa 4 Meyi 1970 asilikali a chigawo cha Ohio adawombera ophunzira pa yunivesite ya Kent State, anayi nafa, asanu ndi anayi navulala. Neil Young adapeka nyimbo ya "Ohio", ndipo gulu la Crosby, Stills, Nash & Young lidaijambula mwezi womwewo usadathe. Akuluakulu adati nkhondo ndi anansi.

Munthu atamva zonsezi angafulumire kugamula kuti nkhondo ina iliyonse ndi yoipa ndipo munthu wabwino sagwira mfuti. Koma mbiri ya oimba omwewo ikukana chigamulo chofulumira chotere. Kumayambiriro kwa 1941 Seeger ndi anzake a gulu la Almanac Singers adatulutsa chimbale chotsutsa zoti America ilowe nkhondo yolimbana ndi Adolf Hitler. Mu Juni chaka chomwecho Germany idathira nkhondo Soviet Union, ndipo chimbalecho chidachotsedwa pa msika. Mu 1942 gulu lomwelo linkaimba nyimbo zolimbikitsa nkhondo, Seeger adalowa usilikali natumizidwa ku zilumba za Pacific, ndipo Guthrie adagwira ntchito pa sitima zonyamula katundu wa nkhondo, gitala wake atalembedwa mawu oopseza otsatira Hitler. N'zoona kuti kusinthaku kudatsata ndale za chikomyunizimu zimene oimbawo ankakonda pa nthawiyo. Komabe funso likhalabe: kodi Hitler akadaletsedwa ndi chiyani? Njira yokambirana idayesedwa ku Munich mu 1938, pamene Britain ndi France adamulola kutenga gawo la Czechoslovakia, ndipo chaka chisadathe adalowa mu Poland. Ayuda okwana 6 miliyoni adaphedwa. Zipata za Auschwitz zidatsegulidwa pa 27 Januwale 1945 ndi asilikali onyamula mfuti.

Kusamenya nako kuli ndi manda ake. Mu 1994 ku Rwanda anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, adaphedwa m'masiku 100. Bungwe la United Nations lidali ndi asilikali pafupifupi 2,500 m'dzikomo, ndipo mkulu wawo, Roméo Dallaire, adapempha mphamvu zoonjezera. M'malo mwake, mu Epulo, kupha kuli m'kati, bungwelo lidagamula zochepetsa asilikaliwo kufika pa 270. Kuphako kudaleka pamene gulu lankhondo la RPF lidagonjetsa boma la ophawo mu Julayi. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akuluakulu, ndipo amatinso muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Munthu amene waona mnzake akuphedwa, ali ndi mphamvu yoletsa, nangopinda manja ponena kuti iye ndi wamtendere, manja akewo sali oyera.

Chilembwe yemwe, amene adalemba kalata yotsutsa nkhondo mu Novembala 1914, adatsogolera kuukira kwa zida pa 23 Januwale 1915, naphedwa pa 3 Febuluwale. Ena angati adadzitsutsa. Koma chimene adakana m'kalata ija chidali kufera nkhondo ya eni, ndipo chimene adasankha pambuyo pake chidali kufera mlandu wa anthu ake. Kaya munthu avomereze njira yake kapena ayi, kusiyana kwa ziwirizi n'koonekeratu.

Choncho funso loyenera ndi lakuti nkhondo yololedwa imadziwika bwanji. Anthu anzeru akhala akulisinkhasinkha kwa zaka mazana ambiri. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ndiye adayala maziko, ndipo Thomas Aquinas m'zaka za m'ma 1200 adatchula mfundo zitatu: nkhondo ilamulidwe ndi ulamuliro woyenera, ikhale ndi chifukwa cholungama, ndipo cholinga chake chikhale kubwezeretsa mtendere. Am'mbuyo mwake adaonjezera kuti njira zina zonse ziyambe zalephera, pakhale chiyembekezo cha kupambana, chionongeko chisapose choipa chimene akuchiletsa, ndipo anthu wamba asaphedwe dala. Malamulo a United Nations a mu 1945 amaletsa dziko kuthira nkhondo linzake, koma gawo 51 limalola dziko loputidwa kudziteteza. Mfa pabwalo la mfumu sangadabwe ndi mfundozi, pakuti nako kumudzi amafunsa kuti adayamba ndani, kodi ankhoswe adaitanidwa, ndipo kodi chilango chikulingana ndi mlandu.

Muyeso umenewu ndi wopanikiza, ndipo nkhondo zambiri sizikwanira. Ya ku Vietnam idagwa pa chifukwa chake, pa kukula kwa chionongeko ndi pa kuphedwa kwa anthu wamba. Ya ku Iraq ya mu 2003 idamenyedwa ponena kuti Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa zopha anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo zidazo sizidapezeke. Neil Young, ali nkhalamba, adatulutsa chimbale china chotsutsa nkhondo mu 2006. Kumbali ina, pamene asilikali a Idi Amin adalanda dera la Kagera mu 1978, Tanzania idali ndi ufulu wonse wowapirikitsa, ndipo Kampala idagwa pa 11 Epulo 1979. Dziko la Ukraine, limene lidathiridwa nkhondo ndi Russia mu Febuluwale 2022, lidali ndi ufulu womwewo. Koma ngakhale nkhondo yololedwa simanga mudzi. Tanzania idatsala ndi chuma chofooka, ndipo Uganda idalowa m'nkhondo ina yapachiweniweni mpaka 1986. Ogonjetsa Hitler ndi anzake adatentha Dresden naponya mabomba a atomiki pa Hiroshima ndi Nagasaki. Chifukwa cholungama sichiyeretsa chilichonse chochitidwa m'dzina lake.

Pali mtsutso wamphamvu umene suyenera kunyozedwa. Otsutsa nkhondo zonse amati palibe mtsogoleri amene adanenapo kuti nkhondo yake ndi yosalungama. Aliyense amati akudziteteza, motero kutsegula khomo pang'ono ndiko kulitsegula lonse. Joan Baez adakhala pa mfundo imeneyi moyo wake wonse ndipo adailipirira. Mu 1964 adakana kupereka gawo la msonkho lopita ku zida, mu 1967 adamangidwa chifukwa chotsekereza khomo la malo olembera asilikali ku Oakland, ndipo mu Disembala 1972 adali ku Hanoi mabomba a dziko lake akugwa. Mu 1979 adadzudzula poyera boma la chikomyunizimu la Vietnam chifukwa chozunza anthu ake, anzake ena akale nakana kusaina kalata yake. Munthu wotere sangatchedwe wamantha kapena wokondera. Yankho kwa iye ndi lakuti kupezeka kwa mboni zonama sikuthetsa bwalo la milandu, koma kumafuna kuti umboni ufufuzidwe molimba. Munthu ali ndi ufulu wosankha kufa osabwezera, koma mfumu ilibe ufulu wosankhira ana a m'mudzi mwake imfa yotero.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ya nyimbo zija ikuonekera. Sizidathetse nkhondo ya ku Vietnam. Mu 1966 nyimbo yotamanda asilikali ya Barry Sadler idakhala pamwamba pa mndandanda kwa masabata asanu, ndipo mu 1972 Richard Nixon adapambana chisankho m'zigawo 49 mwa 50. Asilikali a America adachoka mu 1973 pangano litasainidwa ku Paris, monga momwe nkhondo ya ku Mozambique, imene idathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni ku Malawi, idathera pa tebulo ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chimene nyimbozo zidachita ndi chimene nyimbo za pamtondo zimachita pamudzi. Mayi amene sangaime pabwalo kudzudzula mwamuna wake kapena apongozi ake amaimba posinja, mudzi wonse numva, ndipo wolakwayo sangathenso kunena kuti sadadziwe. Oimba a folk rock adachititsa kuti mtengo wa nkhondo utchulidwe pamaso pa onse, ndipo boma limene likudziwa kuti lidzafunsidwa limaganiza kawiri. Kulemba usilikali mokakamiza kudatha ku America mu 1973.

Mu Disembala 1965 nyimbo ya "Turn! Turn! Turn!" ya The Byrds idafika pamwamba pa mndandanda. Mawu ake Seeger adawatenga m'buku la Mlaliki, mutu 3, pamene nkhondo ndi mtendere zonse zapatsidwa nyengo yake, naonjezera pamapeto pempho lake la mtendere. Ndime yotchula nkhondo sadaichotse. Makolo nawo sadachotse linga pofuna kulemekeza mwambi wawo. Linga linkamangidwa kuzinga mudzi wa eni, osati wa anansi, ndipo ntchito yake idali kusunga amoyo kufikira tsiku limene adzatuluke kukalima. Achinyamata amene adzamve ng'oma ya nkhondo ikulira, kaya ndi ya dziko, ya chipani kapena ya mtundu, ayambe afunsa kuti adaputa mnzake ndani, ndi njira ziti zamtendere zimene zayesedwa, ndipo ana a woimba ng'omayo adzakhala kuti tsiku la nkhondolo. Woyankha mafunso atatuwa mosazemba angathe kumveredwa. Wokwiya nawo, kapena wotcha wofunsayo kuti ndi mdani wa dziko, asatsatidwe.